Lipoti likuti left koma banga lili kumanja kwa chithunzi: kodi sikani ya bambo anaisokoneza?

Funso lafika kuchokera kwa mtsikana wina amene ali chaka choyamba cha unamwino, ndilifupikitse chonchi. Bambo ake anagwa ndi sitiroko, mkono wakumanja sukugwira ntchito, pakamwa papotoka, mawu akuvuta kutuluka koma mwendo akuukokako pang'ono. Anawajambula CT ya m'mutu, sikani yoonetsa zamkati pogwiritsa ntchito X-ray, ndipo lipoti likuti "left MCA territory infarct, axial images, no midline shift". Koma iye atayang'ana chithunzi chomwe anachijambula pa foni, banga lakuda lija likuoneka kudzanja lamanja. Nde akufunsa kuti kodi sanasokoneze mbali, kapena mwina anapatsidwa lipoti la munthu wina? Komanso akuti m'kalasi ya anatomy mawu ngati dorsal, ventral, rostral, coronal akumuzunguza mutu, tsamba lina likuti dorsal ndi kumsana lina likuti ndi pamwamba, zoona zake ndi ziti?

Achemwali, poyamba pepani ndi matenda a bambo, sitiroko imagwedeza banja lonse ndipo mwachita bwino kufunsa m'malo momangodandaula chamumtima. Ndiyambe ndi zomwe zikukusowetsani tulo. Malinga ndi zomwe mwafotokozazi palibe chasokonekera ayi, lipoti, chithunzi ndi mkono wa bambo zonse zitatu zikukamba nkhani imodzi, kungoti pali kutembenuka kuwiri kumene simunauzidwe, kwina kuli pa chithunzi kwina kuli m'thupi mwenimwenimo. Ndipo mafunso anu awiriwa ndi funso limodzi ndithu, mukamvetsa za sikani ya bambo ndiye kuti za m'kalasi zija mwazimaliza theka.

Chinthu choti muchigwire ndipo musadzachitaye mpaka mudzapume pa ntchito ndi ichi: ku chipatala tikati kumanzere kapena kumanja timanena kumanzere ndi kumanja kwa wodwalayo, osati kwa inu woyang'ana. Tsono chithunzi cha CT chimaikidwa ngati kuti bambo agona chagada pa bedi, inu mwaima kumapazi kwawo mukuyang'ana cha kumutu. Mukapita ku wodi mukayese zenizeni, imani kumapazi kwa bedi mudzifunse kuti dzanja lawo lamanzere lili mbali iti kwa ine, mupeza kuti lili kumanja kwanu. Ndiye ubongo wakumanzere umaoneka kumanja kwa sikirini, basi. Madokotala owerenga zithunzi amatsata dongosolo limeneli kulikonse, ngakhale X-ray ya pachifuwa ndi chimodzimodzi, paja mtima umaoneka kumanja kwa filimu pomwe tonse tikudziwa kuti umapendekera kumanzere kwa munthu.

Koma musamangodalira kuloweza zimenezi, fufuzani chilembo. M'mphepete mwa chithunzi chilichonse mumakhala R kapena L, pamwamba A kusonyeza kumaso, pansi P kusonyeza kunkhongo. Ndikulimbikira za chilembochi chifukwa filimu ija munthu akhoza kuipachika chotembenuza pa windo n'kuijambula, kamera yakutsogolo ya foni nayo nthawi zina imatembenuza zinthu, komanso anthu ambiri ochita kafukufuku wa ubongo amaika zithunzi zawo mosemphana ndi a ku chipatala, kumanzere kwa wodwala kumakhala kumanzere kwa pepala. Ndiye mutha kutsegula mabuku awiri onse olondola koma oyang'ana kosiyana. Chilembo ndiye mboni yanu.

Kutembenuka kwachiwiri kuli m'thupi. Minyewa imene imanyamula lamulo loti mkono uyende imachokera pamwamba pa ubongo, n'kutsika kudutsa mu tsinde la ubongo lomwe timati brainstem, ndipo ikafika kumunsi kwa tsindelo pamalo otchedwa medulla, cha pamene mutu wakumana ndi khosi, yambiri mwa iyo, pafupifupi 85 mpaka 90 pa 100 iliyonse, imawoloka kupita tsidya lina. Ya kumanzere imapita kukalamula thupi lakumanja, ya kumanja imapita kumanzere. Ndiye magazi akasiya kufika ku ubongo wakumanzere, mkono umene umafa ndi wakumanja. M'mabuku mupeza akuti contralateral, kutanthauza mbali inayo, ndipo ipsilateral ndi mbali yomweyo. Taonani tsopano mmene zakhalira kwa bambo: vuto lili kumanzere kwa ubongo, mkono wofooka ndi wakumanja chifukwa cha kuwoloka kuja, banga likuoneka kumanja kwa chithunzi chifukwa mukuyang'ana muli kumapazi. Chikanandidetsa nkhawa n'chakuti lipoti linene left, mkono wakufa n'kukhalanso wakumanzere, pamenepo ndiye ndikanati bwererani mukafunsenso.

Osati zonse zimawoloka chonchi komatu. Kaubongo kakang'ono ka kunkhongo, cerebellum, kamene kamathandiza kuti munthu asamadzandire komanso dzanja lizifika pomwe walituma, kakavulala kumanzere zizindikiro zimaonekanso kumanzere komweko. Vuto likakhala mu brainstem mutha kuona nkhope yafooka mbali ina, mkono ndi mwendo mbali inayo, ndipo dokotala wodziwa ntchito akangoona zimenezo amadziwiratu kuti nthenda ili pansi pa tsinde asanajambule n'komwe. Za maso ndiye zimasokoneza ambiri: si kuti diso lamanzere limapita ku ubongo wakumanja ayi, koma zonse zimene zili kumanzere kwa pomwe mukuyang'ana, kaya mwaziona ndi diso liti, zimakathera kunkhongo kwa ubongo wakumanja.

Tibwere ku mawu oti axial aja. Ubongo ndi chinthu chobulungira cholemera pafupifupi kilogalamu 1.3 kapena 1.4, chotsekeredwa m'chigaza, ndipo kuti uone zamkati uyenera kuudula, kaya ndi mpeni mu labu kaya ndi makina ojambula. Tengani kabichi. Mukamudula pakati kuchokera pamwamba kutsika mpaka pa tsinde mumaona tsinde likukwera m'kati masamba akutuluka uku ndi uku, koma kabichi yemweyo mukamudula mopingasa mumangoona mizere yozungulira, tsinde lija langokhala kadontho pakati. Kabichi ndi mmodzi, zithunzi ziwiri zosafanana n'komwe. Ubongo nawo uli choncho, ndiye funso loyamba musanayambe kusaka nthenda ndi loti kodi mutuwu audula motani.

Madulidwe ake ndi atatu. Axial, ena amati horizontal kapena transverse, ndi kudula mopingasa munthu ataima, kulekanitsa zakumwamba ndi zakumunsi, mpeni ukulowera pa mphumi n'kukatulukira kunkhongo. Mumaizindikira chifukwa chigaza chimaoneka chozungulira mbali zonse, ndipo pa zidutswa zam'munsi mumaona maso awiri ndi mphuno kumtunda kwa chithunzi. Coronal ndi kudula kuchokera khutu ili kudutsa pa liwombo kukafika khutu linalo, kulekanitsa kumaso ndi kunkhongo, chithunzi chake chimakhala ngati munthuyo mwayang'anizana naye maso ndi maso, ndiye naponso kumanja kwake kuli kumanzere kwanu. Sagittal ndi kudula kotsata mphuno, kulekanitsa kumanzere ndi kumanja, munthu amaoneka cham'mbali mphuno ndi milomo zili poyera. Mukadula pakati penipeni ndi midsagittal, mukapatuka pang'ono ndi parasagittal. Pa sagittal palibe R ndi L m'mphepete mwa chithunzi chifukwa chidutswa chonsecho chili mbali imodzi, muyenera kuwerenga zolembedwa kapena kuona kamzere kolozera pa chithunzi china kuti mudziwe kuti muli mbali iti, apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa. Mukadzagwira chigaza mu labu muone misoko yake, wina umayenda khutu mpaka khutu ndipo dzina lake ndi coronal suture, wina umayenda pakati kulowera kumbuyo ndipo ndi sagittal suture, pomwe ikumana kutsogolo ndi pa liwombo la mwana paja pamagunda. Mukagwira pamenepo ndi chala simudzaiwalanso.

Chifukwa chimene CT ya m'mutu imabwera kwambiri mu axial chili mu mmene makinawo anapangidwira. Wodwala amagona pa bedi lolowa mu chibowo, chubu cha X-ray chikuzungulira mutu, ndiye chimene chimatuluka mwachibadwa ndi chidutswa chopingasa. Wodwala woyamba anajambulidwa mu 1971 pa chipatala cha Atkinson Morley ku London ndi makina amene anapanga Godfrey Hounsfield wa kampani ya EMI, ndipo makina oyambawo ankajambula mutu wokha basi. Masamu ake anali atawaganizira kale Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, amene nkhaniyi inamuyambira akuthandiza pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town m'ma 1950, ndipo awiriwa analandira Nobel limodzi mu 1979. Makina amasiku ano amadula tizidutswa topyapyala, ena osakwana milimita imodzi, kenako kompyuta imatisanja n'kutulutsa coronal ndi sagittal popanda kumujambulanso munthu. MRI, sikani ina yogwiritsa ntchito maginito, ndiye imatha kujambula molunjika mbali iliyonse yomwe mwafuna.

Pa CT fupa limaoneka loyera mbee, madzi a mu ubongo akuda, ubongo wokha wotuwa. Magazi amene angotayika kumene amaoneka oyera, pomwe malo amene afa chifukwa magazi sakufika, ndiye infarct imene yalembedwa mu lipotiyo, amada pang'onopang'ono ndipo maola oyambirira CT ikhoza kuoneka ngati palibe vuto. Banga la bambo ndi lakuda, zikugwirizana ndi mtsempha wotsekeka osati wophulika, ndipo kusiyanitsa ziwirizi ndi chifukwa chachikulu chimene anawajambulira, poti mankhwala ake ndi osiyana kwambiri, aspirin amene amathandiza pa mtsempha wotsekeka akhoza kuonjezera vuto pa wophulika.

Tsopano za mayina a mbali. Gulu loyamba ndi losavuta ndipo silisintha kulikonse m'thupi bola muziganiza munthu ataima chilili, nkhope kutsogolo, zikhatho zikuyang'ana kutsogolo, ngakhale wodwala weniweniyo atagona chafufumimba. Anterior ndi kumaso, posterior ndi kumbuyo, superior ndi kumwamba, inferior ndi kumunsi, medial ndi kufupi ndi mzere wapakati, lateral ndi kutali nawo cha kumakutu. Mawuwa amafananitsa zinthu ziwiri nthawi zonse, diso lili lateral poyerekeza ndi mphuno koma lili medial poyerekeza ndi khutu, ndiye osaloweza kuti chakuti ndi lateral basi osanena kuti poyerekeza ndi chani.

Gulu lachiwiri ndi limene lakuzunguzani, ndipo mabuku anu onse awiri akunena zoona. Mawu a dorsal, ventral, rostral ndi caudal amagwira bwino pa nyama ya miyendo inayi. Yang'anani mbuzi itaima: rostral ndi cha kumphuno, caudal ndi cha kumchira, dorsal ndi kumsana komwe kwayang'ana kumwamba, ventral ndi kumimba komwe kwayang'ana pansi. Ubongo wake ndi spinal cord, chingwe cha minyewa chija chimayenda m'kati mwa mafupa a msana, zili pafupifupi pa mzere umodzi wogona, ndiye pamwamba pa ubongo ndi pamwamba pa msana zonse ndi dorsal, palibe chovuta. Munthu ndiye anaimirira. Msana wake unaima chilili koma nkhope ikuyang'anabe kutsogolo, ndiye mzere uja unapindika moyandikira madigiri 90, ndipo kupindikako kuli pamwamba pa brainstem, pamene midbrain, kachigawo kapamwamba ka tsindelo, ikumana ndi ubongo wakutsogolo. Kumayamba m'masabata oyambirira mwana ali m'mimba, m'mabuku a embryology mupeza akuti cephalic flexure.

Zotsatira zake ndi izi. Kumunsi kwa kupindikako, mu spinal cord ndi mu brainstem, dorsal ndi kumbuyo, ventral ndi kutsogolo, rostral ndi kumwamba cha kumutu, caudal ndi kumunsi. Kumtunda kwa kupindikako, mu ubongo waukuluwo, dorsal ndi pamwamba pa mutu, ventral ndi pansi pomwe ubongo wakhalira chigaza, rostral ndi kumphumi, caudal ndi kunkhongo. Mukafuna kuzimva m'thupi gwadani ndi manja ndi maondo n'kudzutsa mutu kuyang'ana kutsogolo, muona kuti msana ndi pamwamba pa mutu zonse zayang'ana kudenga, zonsezo ndi dorsal. Mukaimirira msana wapita kumbuyo koma pamwamba pa mutu patsala pomwepo. Ndiye mukakumana ndi mawu oti dorsal musathamangire kumasulira, dzifunseni kaye kuti tili kumtunda kapena kumunsi kwa midbrain. Ine ndimaona kuti aphunzitsi tikanamayamba ndi kupindikaku tsiku loyamba, ophunzira sakanamavutika chaka chonse ndi kuloweza mndandanda wa mawu omwe akuoneka ngati akutsutsana.

Mu spinal cord ndi momwe muzagwiritse ntchito kwambiri zimenezi pa unamwino. Minyewa yobweretsa uthenga wa kumva, kaya kutentha kaya kuwawa, imalowera ku dorsal root kumbuyo, yotuluka kukayendetsa minofu imatulukira ku ventral root kutsogolo. Poliyo amaononga maselo a kutsogoloko, malo otchedwa ventral horn kapena anterior horn, mayina awiri malo amodzi, n'chifukwa chake mwana wa poliyo mwendo umalefuka koma mukamutsina amamva. Paja mu February 2022 kunalengezedwa za mwana amene anapezeka ndi poliyo ku Lilongwe ndipo katemera anayenda khomo ndi khomo, ndiye si nkhani ya m'mabuku chabe.

Pali misampha ina iwiri imene ndikufuna muidziwiretu. Woyamba, mawu oti transverse ena amawagwiritsa ntchito kutanthauza kudula mopingasa mzere wa minyewa uja, tsono poti mzerewo ndi wopindika, mu spinal cord kudula koteroko ndi horizontal koma mu ubongo wakutsogolo kumafanana ndi coronal, makamaka mukamawerenga za makoswe a mu labu. Wachiwiri, mabuku ambiri a anatomy amajambula chidutswa cha spinal cord ndi brainstem dorsal ili kumtunda kwa tsamba, pomwe pa CT ndi MRI kumtunda kwa chithunzi ndi kumaso. Ndiye chimene munaloweza m'buku mukachipeza pa sikirini chili chadodolido. Sikuti mwaiwala, tembenuzani bukulo muona zikugwirizana.

Mwina mukuti zonsezi n'zongovutitsa ana asukulu, koma taonani mmene zikufotokozera matenda a bambo. Kachigawo ka ubongo kolamula kayendedwe ka thupi ndi kamzere kotsika kuchokera pamwamba pa mutu kulowera cha kukhutu, ndipo ziwalo zinasanjidwa pamenepo mwadongosolo, mwendo ndi phazi zili medial, m'kati mwa mpata umene uli pakati pa magawo awiri a ubongo, kenako thunthu, mkono, dzanja, ndipo nkhope ndi lilime zili lateral kumunsi. Mapu amenewa anatchuka ndi Wilder Penfield ku Montreal kuyambira m'ma 1930, ankakhudza ubongo ndi magetsi ochepa pochita opaleshoni odwala khunyu ali maso n'kumaona chiwalo chimene chagwedezeka. Tsono mtsempha wamagazi wa MCA, middle cerebral artery, umadyetsa mbali ya lateral, pomwe mbali ya medial imadyetsedwa ndi mtsempha wina, anterior cerebral artery. MCA ikatsekeka nkhope ndi mkono ndi zimene zimavulala kwambiri, mwendo umapulumukako. Mwanena nokha kuti pakamwa papotoka, mkono sukugwira koma mwendo akuukoka, ndi zimenezotu. Kasanjidwe kameneka kamaoneka bwino pa coronal, pa axial imodzi simungakaone konse.

Za mawu nazonso zili pa mapu omwewo. Mu 1861 dokotala wa ku Paris, Paul Broca, anaona wodwala wina dzina lake Leborgne amene kwa zaka zambiri ankangotha kunena "tan" basi ngakhale ankamva zomwe anthu akulankhula. Atamwalira, Broca anapeza kuti ubongo unaonongeka kumanzere, kutsogolo, cham'munsi, malo amene lero timati left inferior frontal gyrus. Taonani dzinalo, ndi adiresi yathunthu: mbali, msinkhu, chigawo. Mu 1874 Carl Wernicke wa ku Germany anafotokoza malo ena kumbuyo kwake, posterior superior temporal, amene akaonongeka munthu amalankhula mosadodoma koma zosamveka ndipo samva bwino zomwe mukumuuza. Malo onse awiri amadyetsedwa ndi MCA, ndipo pafupifupi 95 pa anthu 100 ogwiritsa ntchito dzanja lamanja chilankhulo chimakhala ku ubongo wakumanzere. Ndiye mkono wakumanja kufa limodzi ndi mawu ndi umboni winanso woti lipotilo ndi la bambo ndithu.

"No midline shift" ndi mawu abwino mu lipotimo ndipo ndikufuna muwamvetse. Pakati pa magawo awiri a ubongo pali mzere umene pa axial ndi pa coronal uyenera kukhala pakati penipeni. Mbali imodzi ikatupa, kapena mukakhala magazi kapena chotupa, imakankha mzerewo kupita mbali inayo poti chigaza sichitanuka, ndipo kukankhako kukafika mamilimita 5 kapena kupitirira madokotala amadziwa kuti zinthu zafika poipa. Pa sagittal simungauone mzerewu ukusuntha chifukwa mukuyang'ana cham'mbali. Kwa bambo sunasunthe pa nthawi yomwe anajambulidwa. Kutupa kwa sitiroko yaikulu kumakula masiku oyambirira, cha pa tsiku lachitatu mpaka lachisanu, ndiye ngati akadali m'masiku amenewo n'kuyamba kugona kwambiri mosadzutsika, kusanza kapena diso limodzi kamwana kake kukula, itanani dokotala nthawi yomweyo osadikira raundi ya mawa.

Sagittal nayo ili ndi ntchito yake imene enawo sangaigwire bwino, ndipo chitsanzo chake chabwino chili konkuno kwathu. Ku Gulupu, Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, kunafika makina a MRI mu 2008 kudzera mu ntchito ya kafukufuku wa malungo imene Terrie Taylor wa ku Michigan State University wakhala akuchita kumeneko kwa zaka zambiri. Funso linali loti kodi ana okomoka ndi malungo a mu ubongo chimawapha kwenikweni n'chiyani. Zotsatira zinatuluka mu 2015 mu New England Journal of Medicine, wotsogolera kulemba anali Karl Seydel ndipo m'gululo munali Sam Kampondeni, dokotala wathu wa zojambula. Pa ana 168 amene anajambulidwa, 25 anamwalira, ndipo 21 mwa iwo, kapena kuti 84 pa 100, ubongo wawo unali wotupa kwambiri, pomwe mwa opulumuka anali 27 pa 100 okha. Ubongo ukatupa m'chigaza chotseka umasowa kolowera, umakankhidwira kumunsi, caudal, kulowera ku chibowo chachikulu cha pansi pa chigaza chotchedwa foramen magnum, n'kufinya brainstem pomwe pali malo olamula kupuma, mwana n'kusiya kupuma mtima ukugundabe. Kutsika kumeneku ndi kuyenda kwa kumwamba kupita kumunsi, ndiye kumaoneka bwino pa midsagittal, pamene brainstem yonse, cerebellum ndi chibowocho zili pa chithunzi chimodzi. Nkhaniyi imandikhudza kwambiri chifukwa ana amenewa tonse tawaonapo m'mawodi athu, ndipo yankho linapezeka poyang'ana ubongo kuchokera kumbali yoyenera.

Coronal ndiye bwenzi la anthu a khunyu ndi oiwalaiwala, chifukwa hippocampus, kachiwalo kosunga zinthu zatsopano m'mutu, kanabisala medial mu temporal lobe, chigawo cha ubongo cha kukhutu, ndipo mukadula coronal mumaona ka kumanzere ndi ka kumanja pambali pa kanzake n'kufananitsa kukula. Henry Molaison wa ku America anachotsedwa mbali zimenezi zonse ziwiri mu 1953 pofuna kuchiza khunyu, khunyu linachepa koma kuyambira pamenepo sankathanso kusunga zatsopano. Anamwalira mu 2008 ndipo chaka chotsatira ubongo wake unadulidwa ku San Diego tizidutswa 2,401 ta coronal kuti aone bwinobwino zimene zinachotsedwa ndi zimene zinatsala.

Kanthu kena kakang'ono koma kamadzetsa mikangano m'mabanja: axial si yofanana nthawi zonse. Ojambula CT ambiri amatsata mzere wochokera pakona ya diso kupita pa bowo la khutu, a MRI amakonda mzere wolumikiza timfundo tiwiri ta m'kati mwa ubongo, anterior commissure ndi posterior commissure, umene anautchukitsa Jean Talairach wa ku France. Wodwala akapendeketsanso mutu mu makina, mbali imodzi imaoneka yokwera kuposa inzake. Ndiye bambo akadzajambulidwanso miyezi ikubwerayi, banga likhoza kuoneka losiyana kukula kapena malo pa chidutswa chimene mwasankha, musadzathamangire kunena kuti lakula kapena lachepa pofananitsa zithunzi ziwiri za pa foni. Chithunzi chimodzi chomwe muli nachocho ndi chidutswa chimodzi mwa zambiri, wowerenga lipoti anaziona zonse motsatana.

Sikani yeniyeniyo ine sindinaione, ndiye mawu omaliza ndi a dokotala amene akuwasamalira, koma mukapitanso mupempheni mwaulemu kuti akuonetseni pa kompyuta, muwauze kuti ndinu wophunzira unamwino, ambiri amasangalala kuphunzitsa. Pezani kaye R ndi L, kenako pezani maso kuti mudziwe kumaso ndi kuti, muyambire pansi pa chigaza pomwe pali cerebellum muzikwera chidutswa ndi chidutswa mpaka pa liwombo mukufananitsa mbali ziwiri, muona pomwe banga layambira ndi pomwe lathera. Ngati alipo ma coronal apempheninso, ndi pamene mudzaone ndi maso anu kuti mbali ya medial ya ubongo yolamula mwendo ija yatsala yabwino.

Kwa bambo, poti zizindikiro zikusonyeza kuti vuto lili kumanzere kutsogolo, n'kutheka kuti akumva zambiri zimene mukulankhula ngakhale akulephera kuyankha, ndiye abale asamakambe za iwo pamaso pawo ngati palibe, ndipo asamawalankhule ngati mwana. Muziwafunsa mafunso oti ayankhe eya kapena ayi, muziwapatsa nthawi osawamalizira mawu. Asanayambe kudya nsima ndi kumwa madzi mwachizolowezi anesi aone kaye ngati akumeza bwino, chifukwa kutsamwa kumabweretsa chibayo. Mkono wakufawo osaukoka powadzutsa, phewa limaguluka msanga, muziusamiritsa pa pilo. Afizo ayambe msanga pomwe madokotala alola, miyezi itatu yoyambirira ndi imene anthu ambiri amapezamo kusintha kwakukulu, ndipo mankhwala a BP ndi ena amene apatsidwa asadzasiye ngakhale atayamba kuyenda okha.